Mphumu ya Amake Lameki

Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, anamwalira mu Meyi chaka chatha, anthu ali pakalikiliki wokumba mtedza. Si mphumu imene inawapha. Ndayambira pamenepa chifukwa pamaliro ndinamva amayi ena a kumpingo akunong'onezana kuti chifuwa chija chawatenga tsopano. Sizinali choncho. Anagwa pakhonde m'mawa wina, mbali imodzi ya thupi n'kuuma, ndipo anatisiya patangopita masiku ochepa ali kuchipatala cha paboma. Adokotala anati inali sitiroko. Mphumuyo anakhala nayo kuyambira ali namwali mpaka mutu wonse utayera, ndipo ambiri mwa anthu amene ankawamvera chisoni, kumati safika patali, ndiwo anatsogola kumanda.

Kwathu kuno ku Chiosya ankadziwika ndi dzina loti amake Lameki. Dzina lawo la ubatizo linali Esinati, koma ine ndinalimva koyamba tsiku la maliro, mkulu wa mpingo akuwerenga mbiri yawo. Ife ana a m'mudzi tinakula tikutchula Lameki tsiku ndi tsiku osaidziwa nkhope yake. Anali mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo sankakhala nawo.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi, chakum'mawa, kumene mphepo imachokera. Poyamba achibale ndiwo anawapatsa malowo kuti akhale patali ndi ana. Patapita zaka, amalume atanena kuti awamangire ina pafupi ndi ife, iwo anakana. Anali atazindikira kuti utsi wa m'makhitchini a anthu ndi fumbi la m'zigafa za fodya sizinkafika kumeneko.

Chilichonse ankachita mosiyana ndi anthu ena. Asanasese ankayamba awaza madzi pabwalo ponse, ngakhale mu Okutobala madzi akuvuta pamjigo. Ankaphikira panja, pansi pa kachisakasa kopanda zipupa, ndipo nkhuni yaiwisi sinkafika pamoto pawo. Nkhuku zawo sizinkagona m'nyumba. Makoswe ankawavutitsa chaka chilichonse, koma mphaka ankamukana. Ankati bola kutchera misampha kusiyana n'kugona chokhala chifukwa cha ubweya. M'miyezi ya Juni ndi Julayi sankatuluka m'nyumba mpaka dzuwa litatentha, ndipo akatuluka ankamanga chitenje kukamwa ndi kumphuno. Anthu opita kudimba mbandakucha ankawanena kuti ndi aulesi. Iwo ankalima mtedza ndi mbatata zokwanira chaka, koma m'chigafa sanalowemo ngakhale kamodzi chibwerereni kuukwati.

Akamapuma, makamaka akatopa, pachifuwa pawo pankamveka kaphokoso ngati ka wenzulo wolira patali. Ana anawapatsa dzina loti a Wenzulo. Iwo ankalidziwa dzinalo, ndipo nthawi zina akakumana ndi gulu la ana panjira ankaima n'kunena kuti mpira watha, aliyense kwawo. Ankakonda kunena kuti chifuwa chawo si chodwala, n'chosachedwa kukwiya basi, ndipo munthu ukakhala ndi wosachedwa kukwiya m'nyumba umaphunzira zimene zimamuputa.

Sanali munthu wamakani apakamwa, koma sankagonja. Chaka china bambo anga anakumba maenje a chigafa chatsopano pamalo a pakati pa nyumba yathu ndi yawo, chifukwa panali pathyathyathya. Amayi aakulu anabwera, n'kuima, n'kuyang'ana maenjewo, n'kubwerera kwawo. Bambo atapita kukadula mitengo kudambo, pobwera anapeza maenje onse akwiriridwa, ndipo m'dzenje lililonse mwabzalidwa mtengo wa chinangwa. Bambo anakalipa kwathu, osati kwa alamu awo. Chigafacho anakamanga kumadzulo.

Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali mbale. Anthu ankakhulupirira kuti mphumu imapatsirana ngati chifuwa chachikulu, choncho mbale yawo ndi kapu yawo zinali zazokha. Pamaliro kapena paukwati, amayi ogawa chakudya ankasowa pogwira akafika pa iwo. Kenaka iwo anayamba kumanyamula mbale yawo m'chitenje kuti asamachititse anthu manyazi. Ankakhala pambali pang'ono, n'kudya, n'kutsuka okha, n'kuikulunganso.

Amayi anga ankawakonda akulu awo mwanjira yawo. Ankawatumizira ndiwo, ankatituma kukawatungira madzi, koma nthawi zonse ankatichenjeza kuti tikapatsidwa chakudya kumeneko tizibwera nacho kunyumba m'tsamba la nthochi. Tsiku lina Amayi aakulu anamva okha chenjezolo, akubwera kudzabwereka sefa.

"Iwe ndinakulera ndine," anatero. "Unkagona mphasa imodzi ndi ine, bulangete limodzi. Unadwala?"

"Akulu, ana ndi ana. Sitidziwa," anayankha amayi anga, maso ali pansi.

"Ine ndikudziwa."

Sefayo sanatenge. Panapita mwezi wathunthu awiriwo akungopatsana moni wapatali.

Za ukwati wawo ndinazimva kwa amayi anga. Eni ake sankazikamba. Anakwatiwa ali wamng'ono ndi mwamuna wa kwa Zulu, kumene amalowola ndipo ana amakhala a kuchimuna. Banja limenelo linkalima fodya wambiri. Mtengwa watsopano ankaphika m'khitchini yotseka, yakuda ndi mwaye, ndipo nthawi yosankha fodya ankakhala m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chifuwa chimene kwawo chinkangowavutitsa nthawi yozizira chinayamba kuwatseka sabata ndi sabata. Apongozi awo anati ndi chifuwa chachikulu. Kuchipatala anawayeza makhololo osapeza kanthu, koma apongoziwo sanakhulupirire. Anaitana sing'anga, amene anawatema mphini pachifuwa n'kuwafunditsa bulangete pamwamba pa phale la makala ndi masamba ofuka. Anawavundukula atakomoka.

Zitatero mwamuna wawo anawaperekeza kuno, akuti adzapumuleko. Lameki n'kuti atangoyamba kuyenda, ndipo anatsala kwa atate ake. Chaka chisanathe bamboyo anakwatira wina. Amayi aakulu ankayenda wapansi kupita kwa Zulu kukaona mwana wawo. Akafika ankawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, mwanayo n'kumubweretsa, n'kumuimika patali kuti angatengere matenda. Ulendo wina mwanayo atawaona anathawira kuseri kwa mayi ake omupeza. Sanapitekonso.

Kwa zaka zambiri mankhwala amene ankalandira anali timapiritsi toyera. Tinkathandiza, koma tinkawanjenjemeretsa manja moti ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, ndipo mtima unkagunda ngati athamanga. Imvi zitayamba kale m'pamene kuchipatala kunabwera tizida topopera mankhwala m'kamwa. Achipatala amati inhela. Iwo ankangoti kapampu. Poyamba anakaopa, chifukwa m'mudzi munkamveka zoti ukayamba kapampu susiya ndipo mtima umafooka. Anakasunga m'sutikesi miyezi ingapo. Adokotala ena achinyamata atazindikira, sanawakalipire. Anatenga phesi la papaya, lobooka mkati, n'kuwapatsa kuti apumiremo. Kenaka analifinya pakati n'kuwauza kuti apumenso. Anawafotokozera kuti m'mapapo muli tinjira ta mpweya, ndipo mwa munthu wa mphumu tinjirato timatupa mkati, n'kufinyika, n'kudzaza makhololo tikakumana ndi utsi, fumbi kapena chisanu.

Anabwerako ndi timapampu tiwiri, kofiirira ndi kabuluu, ndipo aliyense wowafunsa ankamufotokozera mofanana. Kofiirira n'ka tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale munthu ali bwinobwino, chifukwa ndiko kamaphwetsa kutupa kuja. Akapopera ankachukucha m'kamwa n'kulavula. Kabuluu n'kotsekula njira pamene zavuta. Ankati anthu ambiri amakonda kabuluu chifukwa kamamveka msanga, koma kamene kamawasunga ndi kofiirira. Kuyambira nthawi imeneyo wenzulo uja anayamba kumveka mwa apo ndi apo. Ankatha kupita wapansi kumsika wa Lachitatu n'kubwerako atasenza.

Lameki ndinamuona koyamba ine nditakwatiwa kale, ndili ndi ana awiri. Atate ake n'kuti atamwalira. Tinkangomva kuti amayendetsa lole zodutsa paboda kupita ku Zambia, ndipo Amayi aakulu anakumanapo naye maulendo owerengeka, pamaliro ndi pamsewu. Tsiku limenelo, mu Julayi, ndinali kwawo ndikuwathandiza kusenda mtedza. Njinga yamoto inaima panjira, n'kutsika bambo wamtali, wamimba pang'ono, ndi kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, konyamula jumbo.

Anakhala pampando umene ndinamupatsa. Moni anapatsana ngati anthu ongodziwana. Chinyanja chake chinali cha ku Chipata.

"Amayi, nabwera na mwana. Dzina lake ni Madalo. Chifuwa chake chili monga chanu."

"Amake ali kuti?"

"Tinasiyana. Anapita ku Lusaka. Mwana anali kumudzi kwa atate, manje kuja akuti sangakwanitse. Akuti matendawa ni a kwanu kuno. Ine nili pamsewu nthawi zonse."

Amayi aakulu anamuyang'ana mwanayo kwa nthawi. Anali wowonda, mapewa ali m'mwamba ngati munthu womva chisanu, ndipo pakhosi pa diresi pankaoneka mphini zatsopano.

"Sananame, ndi a kwathu," anatero. "Musiyeni."

Mwana wawo wobereka okha ankamulankhula kuti inu, ndipo sinali inu yongolemekeza bambo wamkulu. Inali ya kwa mlendo. Anamuphikira mbatata ndi tiyi. Lameki anati wadya kale, ndiponso lole ili pamzere paboda, sangachedwe. Ngakhale madzi sanamwe. Anagwira mwana pamutu, n'kukwera njinga ija.

M'jumbo muja munali zovala ziwiri ndi kapampu kabuluu kokulungidwa m'kansalu, kodzaza. Madalo anati agogo a kwa Zulu anamuletsa kuti kangamuphe. Analinso ataphunzira kubisa. Chifuwa chikayamba ankathawira kuseri kwa nyumba n'kukabanika yekha, chifukwa kumene ankakhala ankamukalipira kuti akusokosa. Amayi aakulu anamupeza kuseriko tsiku lachiwiri, atatsamira chipupa.

"Kuno sitibisa," anamuuza. "Tamvera changa." Anagwira mutu wa mwanayo n'kuutsamiritsa pachifuwa pawo. "Wamva? Tilipo awiri."

Tsiku la odwala matenda amgonagona litakwana anapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Kumeneko anapeza kuti mwanayo sankatha kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, moti mankhwala ankangothera palilime. Anamwino anatenga botolo lapulasitiki la chakumwa, n'kuliboola kunsi, n'kulowetsa kapampu pabowopo. Ukapopera kamodzi, mankhwala amakhala m'botolo, mwana n'kumakoka pang'onopang'ono kukamwa kwa botololo. Anamupatsanso kofiirira kake.

Miyezi imene inatsatira ndi imene ndinawamva Amayi aakulu akuseka mpaka kutsokomola. M'mawa uliwonse awiriwo ankakhala pakhonde, wina ndi kapampu kake, wina ndi botolo lake, kenaka n'kuchukucha m'kamwa n'kumapikisana kulavulira patali. Ankadya mbale imodzi. Ndinawapezapo tsiku lina akudya maungu, Amayi aakulu atasiya kudya, akungoyang'ana kadzanja kakulowa ndi kutuluka m'mbale mwawo. Madalo anayamba sukulu, mapewa aja anatsika, ndipo ankathamanga ndi anzake. Agogo ake sanamuletse kuthamanga. Ankangomuuza kuti akamva kukhosi kuyabwa, kapena akadzuka ndi chifuwa mbandakucha, anene msanga.

Zimene anthu akwathu amazikumbukabe zinachitika mu Seputembala chaka chomwecho. Mwezi umenewo kuchipatala timapampu tabuluu tinali titatha. Ka Amayi aakulu kanali katauma, ndipo awiriwo ankadalira ka Madalo. Masana ena anyamata anayatsa tchire la kum'mawa posaka mbewa. Mphepo inakula, moto n'kuwapulumuka, ndipo utsi wonse unagwera panyumba imene Amayi aakulu anaikakamira pothawa utsi. Anthu anathamanga ndi nthambi kukateteza nkhokwe ndi zigafa. Ine ndinathamangira kwa Amayi aakulu.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi, Madalo ali pakati pa miyendo yawo, atamuweramitsa patsogolo pang'ono. Botolo linali kukamwa kwa mwanayo. Ankapopera kamodzi, n'kumamugogoda pabondo ndi chala kuti akoke mpweya motsatira, chifukwa eni akewo mawu sankatuluka. Chifuwa chawo chinkalira kuposa cha mwana. Anapopera, n'kudikira, n'kupoperanso. Madalo sankasintha. Khungu la pakati pa nthiti linkalowa mkati akamakoka mpweya, milomo inayamba kuda, ndipo atafuna kuti anene kuti agogo, mawuwo anathera pakati.

"Njinga," anatero Amayi aakulu. "Chipatala."

"Tidikire pang'ono, mwina mankhwala agwira," ndinatero.

Anapukusa mutu n'kuloza milomo ya mwanayo. Ndinathamanga mpaka pagolosale pamene pamaima a kabaza. Titafika ndi njinga, ndinakwera kumbuyo, Madalo pakati. Amayi aakulu anandipanikiza kapampu ndi botolo m'manja.

"Panjira... muzimupatsa."

"Nanga inu?"

Anangokweza dzanja kuti tizipita. Nditacheuka ndinawaona atagwira chipupa, utsi ukuwakuta.

Kuchipatala Madalo anamuveka chophimba kukamwa chotulutsa nkhungu ya mankhwala, n'kumumwetsanso mapiritsi. Ndinamuuza wa kabaza uja kuti abwerere msanga akatenge agogo. Iye ndi amene anadzandiuza zimene anapeza. Panyumba panalibe munthu. Anawapeza kupitirira mjigo, panjira ya kumsewu. Anali atanyowetsa chitenje n'kuphimba kumaso, n'kumayenda pang'ono, kuima atagwira mawondo, kuyendanso, mpaka kutuluka mu utsi. Pamene ankawapeza n'kuti atagwada m'mbali mwa chulu, zigongono zili pachulupo, akutulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati wouzira phala. Anthu ankadutsa chapatali ndi nthambi ndi zidebe. Palibe amene anaima, mwina chifukwa sanawaone, mwina chifukwa anazolowera kuwaona ali okha.

Atafika nawo, nawonso anawaveka chophimba chija. Adokotala anadikira kuti mpweya ubwerere, kenaka anawafunsa mofatsa.

"Amayi, inu zonsezi mumazidziwa. Mukanatha kutsala panjira. Bwanji simunakwere nonse?"

"Njinga inali imodzi, kapampu kamodzi," anayankha. "Ine ndapumapo kale zaka zambiri."

Anagona konko masiku angapo, mabedi oyandikana, ndipo anatuluka onse ali bwino.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, Amayi aakulu anaimirira. Chiyambire ankakhala pafupi ndi khomo chifukwa cha fungo la mafuta odzola ndi fumbi la anthu ovina, ndipo palibe amene anawamvapo akulankhula m'tchalitchi. Anayenda mpaka kutsogolo atagwira Madalo padzanja. Ankalankhula pang'ono n'kupuma.

"Ine ndine amake Lameki, mukundidziwa. Ndakhala m'mudzi muno ambiri a inu musanabadwe. Alipo amene ndinamupatsira chifuwa changa? Ngati alipo aimirire."

Palibe anaimirira.

"Matendawa sapatsirana. Nthawi zina amatsata kumtundu, monga mukuonera kwa mdzukulu wangayu, koma sayenda pambale kapena pakapu. Mbale yanga sinadwalitsepo munthu. Moto wanu uja ndiwo unatsala pang'ono kupha mwana. Mbewa idyani, sindikukuletsani. Koma musanayatse, wina abwere adzatiuze kuti tichoke."

Anabwerera pamalo pawo pafupi ndi khomo. Mkulu wa mpingo anangoyambitsa nyimbo.

Sindinganene kuti mudzi unasintha tsiku limenelo. Zina zinasintha. Anyamata akafuna kuyatsa ankaima panjira n'kukuwa kuti agogo, mawa kuli moto. Mayi wina wa kutsidya kwa dambo anabwera mobisa ndi mwana wake wotsokomola m'mawa uliwonse, ndipo Amayi aakulu anawaperekeza kuchipatala. Pamaliro otsatira, amayi ena anawapakulira m'mbale ya aliyense, ena anazengereza. Iwo mbale yawo ankanyamulabe. Ankati dzanja linazolowera. Koma amayi anga sanawapatse ana anga chenjezo limene ankatipatsa ife.

Madalo anakhala nawo mpaka mvula yachiwiri. Chakumapeto kwa chaka chotsatira Lameki anabweranso, ulendo uno ndi mkazi watsopano, mayi wofatsa wogulitsa zitenje ku Chipata. Anati apeza nyumba, sukulu ili pafupi, ndipo akufuna mwana akulire pakhomo pa atate ake. Ine ndinkayembekezera kuti Amayi aakulu akana, kapena alira, kapena akumbutsa Lameki mmene anamusiyira mwanayo. Sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anaitana mpongozi wawoyo kuseri kwa nyumba n'kukhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Anamugwiritsa botolo kuti ayese yekha. Anamufunsa ngati amaphikira mbaula m'nyumba, ngati pakhomo pali mphaka, ngati chipatala chili patali.

"Akamaoneka kuti wachira, kofiirirako musasiye," anamuuza. "Ndi nthawi imene anthu amalakwitsa. Akalephera kumaliza mawu, kapena milomo ikayamba kuda, musadikire bambo ake, musadikire kuti kuche. Ndipo musamukalipire akamalira pachifuwa. Amabisa."

"Ndamva, amayi," anatero mpongoziyo.

Tsiku limenelo Lameki anadya. Anakhala pamphasa n'kudya chinangwa chophika m'mbale ya amayi ake, n'kumwa madzi m'kapu yawo. Amayi aakulu anaona. Anawaperekeza mpaka pamsewu. Madalo ankalira, iwo n'kumamuuza kuti asiye, kulira kumatseka chifuwa. Atabwerako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, dzuwa likadalipo. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde atakhala mbali yawo, akuchukucha m'kamwa, n'kulavulira pafupi pomwepo.

Anakhalanso zaka zingapo. Kofiirira sanadumphitse, kuchipatala sanajombe, koma zolankhula zinachepa. Madalo anabwera patchuthi kawiri kapena katatu. Kenaka sukulu inakula, ndipo maulendo odutsa paboda anayamba kuvuta. Ankaimba pafoni yanga, ine n'kuthamanga nayo kwawo. Amayi aakulu ankaigwira ndi manja awiri. Mdzukuluyo akayamba kufotokoza za sukulu ndi za mpira wamanja umene ankasewera, iwo ankamudula.

"Takhala chete pang'ono. Ingopuma, ndimve."

Ankatseka maso n'kumvetsera mpweya wa mwanayo kuchokera ku Chipata. Akakhutira ankati, chabwino, pitiriza nkhani yako.

Pamaliro Madalo anabwera ndi mayi ake omupeza aja. Ndi wamtali tsopano ngati atate ake, ali kusekondale, ndipo anayenda ndi gulu kuchokera kunyumba mpaka kumanda, akuimba, osapumira. Lameki uthenga unamupeza ali kutali ndi katundu. Anafika titaika kale. Amalume anamuperekeza kumanda, ndipo akuti anangoima atagwira chipewa, n'kufunsa ngati amayi ake anasiya mawu. Sitiroko ija inawatseka pakamwa kuyambira tsiku loyamba, mawu panalibe.

Sabata yatha, chaka chitakwana, amayi anga anandiuza kuti ndiwaperekeze kunyumba ija. Masiku ano amayendera ndodo, ndipo chiikireni maliro anali asanapondeko. Kanjira kochokera kwathu katsekeka ndi chisoso, moti ndinkatsogola ndikuponda udzu kuti iwo adutse. Loko wa pachitseko wachita dzimbiri. Lata limodzi lazuka pakona ndipo limagogoda mphepo ikawomba. Mavu amanga zisa zawo pamwamba pa zenera, mbuzi zasandutsa khonde pogona masana, ndipo dzungu lomera lokha padzala lakwera mpanda wa bafa mpaka kuugwetsa. Ndinasuzumira pampata wa zenera. M'katimo muli bedi lopanda matiresi, ndowa yovundikira, ndi nsapato zawo za kutchalitchi pansi pa bedi, zitayang'ana kukhomo.

Amayi anga sanasuzumire. Anasesa ndi phazi zitosi za mbuzi pamphepete pa khonde n'kukhala, atayang'ana kumudzi. Kunali bata. Kuchokera pamenepo tinkamva wailesi ya mlamu wanga, mwana wanga wamkazi akuitana nkhuku, ndi akazi awiri akuseka pakhomo pathu, mpaka kuzindikira kuti akuseka ndi ndani.

"Mawu a kwathu amamveka chonchi kuno?" anafunsa.

"Amamveka."

"Ndiye ankatimva tikudya, tikuseka."

Iwo anaika ndodo pamiyendo n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ine ndinkayesa n'kutali," anatero.

Tinakhala pomwepo mpaka mthunzi wa nyumba zathu unafika pabwalo lija. Kumudzi anayamba kuitana ana kuti akasambe. Kumbuyo kwathu chitseko chinali chokhoma, ndipo m'nyumbamo simunkamveka kanthu.